A Miti, nkhoswe ya nkhumba

Tsiku limene tinaika amalume anga, a Yotamu Miti, anthu anaseka mpaka ena kugwira m'nthiti. Ndikudziwa kuti wakutali akamva zimenezi adzatiyesa anthu opanda mwambo, koma mlanduwo si wathu. Ndi wa Bana Mwila, mayi wachiBemba amene munda wawo unagundana ndi wa amalume ku Shimabala. Kuno ku Kafue ife ochokera kum'mawa ndi aBemba ndife a chimbuya. Tili ndi ufulu wonyozana paliponse, ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wopepera. Iwo amati ife timadya makoswe, ife timati iwo amadya anyani, ndipo dziko limayenda bwino choncho.

Bana Mwila anafika pamaliropo atavala jekete yakale ya amalume ya ku njanji, imene anachita kukaichotsa okha pamsomali m'nyumba, osapempha munthu. Anaima pafupi ndi bokosi, manja m'chiuno.

"Iwe Miti, kapolo wanga, nindani akupasa chilolezo chakufa?" anatero. "Naziba ine. Wasiliza mbeba zonse mu Shimabala, manje wayenda kusakila kumwamba."

Kenaka anayamba kutipaka ufa kumaso ife achibale, mmodzimmodzi, ngakhale abusa anangopulumukira kuseri kwa mtengo. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinawaona mayiwo atatembenukira kumbali akupukuta maso ndi mkono wa jekete ija.

Papita chaka tsopano. Anthu ambiri amakumbukira kusekako, koma ndi ochepa amene akudziwa kuti inalipo nyengo imene kunyozana kwa awiriwa kunatsala pang'ono kufa, ndipo amalume akanafa nako.

A Miti anachoka ku Katete ali mnyamata kudzafuna ntchito ya njanji kuno ku Kafue. Anakalambira pa kulumikiza mabogi ndi kupaka girizi, ndipo atapuma anakakhala pa kamunda kawo ku Shimabala, azakhali atamwalira kale. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu, ngati kuti Mulungu anaika mawu a munthu wina m'thupi lolakwika. Matenda awo aakulu anali kufunsa chiwongo. Mukakumana nawo m'minibasi, musanafike n'komwe pa Nangongwe amakhala atadziwa kale kuti ndinu a Phiri kapena a Banda, amayi anu anabadwira kuti, ndipo agogo anu anakwatira kwa yani. Sankalephera kupeza chibale. MTonga, mSoli, mLozi, onse ankatsika m'basi ali alamu awo kapena adzukulu. Ankakonda kunena kuti munthu wosadziwa kwawo ali ngati bogi yosochera pa siteshoni, imene aliyense amangoikankha. Ine ndinkachita nawo manyazi, mpaka ndinazindikira kuti anthu omwewo ankawasungira mpando wakutsogolo.

Chuma chawo chinali nkhumba, ndipo mfumu ya khola lonse inali nkhumba yamphongo yoyera, yaikulu ngati kabulu, ya khutu long'ambika. Anaitcha Mkamwini, chifukwa inkagona kwa akazi ake, kudya komweko, n'kubwerako yopanda chilichonse m'manja. Anthu ambiri a ku Shimabala ankaweta zazikazi zokhazokha, popeza yamphongo imadya gaga wambiri. Choncho yaikazi ikafuna mwamuna, uthenga unkapita kwa a Miti. Iwo ankaisambitsa Mkamwini ndi sopo, kuimanga chingwe kumwendo wakumbuyo, kuvala jekete ya ku njanji, n'kuyamba ulendo. Ankati iwo ndi nkhoswe, ndipo nkhoswe sipita kuukwati itavala zakumunda. Mwambo unali woti nkhumba ikaswa, mwini yamphongo amalandira kamwana kamodzi. Amalume ankalandira ndithu, koma kawirikawiri ankakapereka kunyumba kumene kunalibe nkhumba. M'kupita kwa zaka nkhumba za m'dera lonselo zinasanduka pachibale, ndipo iwo ankatha kukuuzani kuti iyi ndi mdzukulu wa iti.

Njira ya maulendo amenewa inkadutsa pachipata cha Bana Mwila, ndipo pamenepo ndiye panali msonkhano wa tsiku ndi tsiku.

"Mwadzuka bwanji akudya anyani?" ankayamba amalume. "Mchira munawasiyirako ana?"

"Pali imwe babili, nkumba ni iti?" ankayankha Bana Mwila. "Nifuna kupasa moni uja wamene asamba."

Amalume ankaseka mpaka chingwe kupulumuka m'manja. Ndikunena zoona, chakudya chawo chenicheni cham'mawa chinali chimenechi, tiyi ankangotsatira.

Ndiye kunabwera chisanu china chimene mphepo yochokera kumadambo a mtsinje inkalowa mpaka m'mafupa. Nkhumba zinayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chosatha, chimene chinkamveka kwambiri m'mawa zikamadzuka. Zazikulu zinkapirira, koma tiana tinkasiya kukula, ubweya n'kuima, n'kumapuma ndi mimba. Bana Mwila anali mayi wamasiye wolera adzukulu, ndipo nkhumba yawo inali itangoswa tiana tambiri timene anali atatiwerengera kale kuti tifolera chipinda cha anawo mvula isanagwe. Tianato tinayamba kufa kamodzikamodzi.

Anthu anayamba kunong'onezana kuti chifuwachi chikuyenda m'mapazi a Mkamwini. Amalume atamva anapsa mtima. Ankaitana aliyense kuti adzaone yekha mmene nkhumba yawo ikudyera ndi mmene khungu lake likuwalira, ndipo ankafunsa kuti munthu wosatsokomola angapatse bwanji mnzake chifuwa. Pa mkangano amalume sankadziwa kubwerera m'mbuyo. Tsiku lina ku chigayo, pamaso pa anthu, ananena kuti mBemba amadziwa nsomba ndi anyani basi, za nkhumba azisiyira eni ake. Tsiku lina lililonse mawu amenewa akanangobwezedwa ndi ena owawa kuposa. Koma m'mawa umenewo Bana Mwila anali atangokwirira kamwana kotsiriza, dothi likadali m'zikhadabo. Anasenza ufa wawo n'kumapita.

M'mawa mwake amalume anafika pachipata paja ndi moni wawo wa anyani. Bana Mwila anapinda mawondo pang'ono mwaulemu.

"Mwauka bwanji, ba Miti," anatero. "Ise tauka bwino, zikomo."

Analowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuwalemekeza amalume, ndipo sindinaonepo chilango choopsa ngati chimenecho. Amalume anayesa zonse. Anafunsa mtengo wa nyani pamsika, anaimba nyimbo ya kolwe, ndiye nyani m'chiBemba, akudutsa, tsiku lina anayenda chokwawa pamsewu ngati nyani amene, munthu wa imvi zake. Yankho linali lomwe lija, zikomo ba Miti, muyende bwino ba Miti. Ine ndinkakwera minibasi Loweruka lililonse kuchoka ku Nangongwe kukawaona, ndipo ndinapeza lamba wawo ataboola bowo latsopano. Nshima ankangoigwiragwira. Anandiuza kuti mnzako wa chimbuya akayamba kukupatsa ulemu ndiye kuti wakuika m'manda uli moyo. Ndinawamvera chisoni, ngakhale kuti mumtima ndinkati pakamwa pawo pomwe ndi pamene pawapachika.

M'nyengo yomweyo kunabwera Mutinta, mtsikana wa ku Kafue Estates amene ankaphunzira udokotala wa ziweto ku Lusaka. Anafika ndi alangizi a ziweto kudzaona chifuwa chija. Ankayenda khola ndi khola, kupisa kamtengo ka thonje m'mphuno za nkhumba, ndi kudula tizidutswa ta mapapo a zimene zafa, n'kumaika m'bokosi la ayezi. Amalume anamufunsa chiwongo asanakhale n'komwe pansi, ndipo posakhalitsa anapezeka kuti ndi mdzukulu wawo kudzera mwa munthu wina amene anagwira naye ntchito ya njanji. Kenaka anamufunsa kuti mamina a nkhumba akupita nawo kuti.

"Iyi matenda ni chibayo, ba Miti," anatero Mutinta. "Ibwela na tuzilombo tung'ono maningi, twamene situoneka na menso. Manje utu tuzilombo, olo zina ni imozi, tuli na mabanja osiyanasiyana. Kalikonse katenga vintu kuli makolo bake, monga mwana atenga mpuno ya bamai bake. Ku labu tingabelenge mukati mwake, tizibe kuti aka na aka ni ba pa ulongo, aka ni kachilendo."

Amalume anavula chipewa. Nkhope yawo inawala koyamba m'masabata ambiri.

"Ukutanthauza kuti nato tili ndi chiwongo?"

"Tingakambe choncho."

"A Phiri aliko? A Banda?"

"Ise tiika chabe manambala."

"Amenewo ndiye mavuto a sukulu," anatero amalume. "Munthu wa makolo ake kumutcha nambala."

Tsiku limenelo anadya nshima yonse n'kupempha ina. Anayamba kulengeza kuchigayo, kutchalitchi ndi m'minibasi kuti chiwongo cha chifuwa chapita kukawerengedwa ku Lusaka, ndipo chikabwera chidzaoneka kuti ndi chachilendo, mwinanso chachiBemba. Mkamwini adzayera, ndipo Bana Mwila, posowa kolowera ndi manyazi, adzayambiranso kutukwana. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amalume kudekha sanabadwe nako. Ankandiimbira foni pafupipafupi kufunsa ngati ndamuona mdzukulu wawo wa ku Estates.

Mutinta anabweranso mphepo itayamba kutentha. Linali Loweruka ndipo ine ndinalipo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye n'kutola kamtengo kumajambula padothi. Anati ku Shimabala sanapeze banja limodzi la tizilombo, anapeza angapo. Makola akutali, kumene Mkamwini sanapondeko, anali ndi mabanja awoawo. Koma makola onse amene Mkamwini anagonamo anali ndi mabanja ofanana, osakanikirana, ndipo mabanja omwewo anapezeka onse m'mphuno mwa Mkamwini. Anafotokoza kuti nkhumba yaikulu yamphamvu itha kusenza tizilomboti osatsokomola ngakhale kamodzi, n'kumatisiya paliponse pamene yagundana mphuno ndi inzake.

Amalume anayang'ana mizere ija nthawi yaitali.

"Nanga tizilomboti tinayambira kwa yani?" anafunsa.

"Icho sitingazibe. Kapena banja imozi anaitenga pa kola ya Bana Mwila, kapena kwinangu. Koma njila yamene tunayendamo ni Mkamwini."

Ndinawaona amalume akulitafuna liwu limenelo lakuti mwina pa khola la Bana Mwila. Linali khomo lotseguka, ndipo munthu wokonda mkangano ngati iwo akanatha kutulukira pomwepo n'kukafika nalo kuchigayo dzuwa lisanalowe. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenaka anafufuta mizere ija ndi phazi n'kunena kuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Anaseka pang'ono, kuseka kowawa, n'kuwonjeza kuti moyo wawo wonse akhala akufunafuna achibale, lero apeza ena amene sanawafune, ndipo amene anamanga ukwati wa achibalewo ndi iwo omwe atavala jekete.

Lamulungu masana anandiuza kuti ndiwaperekeze, popeza nkhoswe siyenda yokha pamlandu. Anavala jekete ija n'kunyamula mbale yovundikira, yomangidwa m'kansalu koyera. Sanandiuze zimene zinali m'katimo. Shimabala ili ndi maso, moti pofika pachipata cha Bana Mwila tinali ndi gulu kumbuyo. Amalume anagwada pafumbi, chipewa pansi, n'kuomba m'manja mpaka mayiwo anatuluka.

"Amayi, ndabwera ngati nkhoswe," anatero. "Mkamwini wanga walakwa, ndipo woyenda naye ndinali ine. Tiana tanu tinafa ndi chifuwa chimene ndinakubweretserani pa chingwe. Kuyambira lero sayendanso. Nkhumba zanga zonse zipita kokaphedwa, khola ligone. Lanu latsopano ndimanga ndi manja angawa, ndipo msoti wa nkhumba woyamba wopanda matenda udzalowa mwanu usanalowe mwanga. Za mawu a kuchigayo ndilibe chonena. Anali mawu a chitsiru."

Anakankhira mbale ija kutsogolo. Bana Mwila anaima atapinda manja, nkhope ili gwa. Patapita nthawi anawerama, anamasula kansalu, n'kuvundukula. M'mbalemo munali mbewa zowamba, zothira mchere, zondandalikidwa bwinobwino michira mbali imodzi.

Ine mumtima ndinati mkuluyu wawononga zonse ndi dzanja lake. Sindinadziwe ngati kwa Bana Mwila kukubwera kulira kapena moto.

"Iwe," anayamba motsitsa. "Iwe koswe wa ku Katete. Wanipaila bana ba nkumba, manje ufuna kunipaya na ine na vonyansa ivi? Ona mutu monga chitsulo cha njanji. Nkumba yako yenze na nzelu kuchila iwe, yeve enze kusambako."

Sanalekere pomwepo. Anatukwana jekete, anatukwana chipewa, anatukwana Katete yense ndi mbewa zake mpaka mibadwo ya m'mbuyo. Zonse zimene anasunga m'miyezi ya ulemu ija zinatuluka tsiku limenelo. Anthu anali gonegone ndi kuseka. Amalume anakhalabe chogwada, misozi ikutsika m'masaya, akumwetulira ngati mlimi amene mvula yoyamba yamupeza kumunda.

"Pitirizani amayi," ankatero. "Musasiye, pitirizani."

Lonjezo analisunga, ndipo linawapweteka. Tsiku limene galimoto ya opha nyama inabwera, anamusambitsa Mkamwini ndi sopo kotsiriza n'kumukweza okha, akulira poyera osabisa. Bana Mwila anafika atamanga chitenje m'chiuno ngati wa pamaliro, anadzigwetsa pansi n'kulira maliro abodza ofika kumsewu wa Lusaka, kenaka anawapaka amalume ufa kumutu n'kuwatcha mkazi wamasiye wa nkhumba. Amalume analira ndi kuseka nthawi imodzi mpaka kutsamwa. Khola latsopano la mayiwo analimanga lofulatira mphepo, la pansi pouma, monga anawalangizira Mutinta. Chipinda cha adzukulu chinachedwa chaka chathunthu kufoleredwa, ndipo pokhoma malata anali amalume amene anakwera pamwamba, Bana Mwila ali pansi kuwauza kuti tsopano aoneke bwino amene ali nyani.

Amalume sanagulenso yamphongo yobwereketsa, koma kuyenda sanasiye. M'mawa uliwonse ankavala jekete, chingwe cha Mkamwini chili m'thumba, n'kuzungulira makomo omwe aja. Uthenga wawo unali umodzi, wakuti nkhumba yachilendo iyambe yakhala payokha isanalowe kwa zinzake, chifukwa mlendo sabwera yekha, amabwera ndi abale ake m'mphuno. Ankafotokoza za mabanja a tizilombo monyadira ngati kuti anawapeza ndi iwo, ndipo manambala a Mutinta anali atawasintha kale kukhala a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Banja loopsa kwambiri, ankatero, linali la a Mulenga, dzina lachiBemba. Pazipata za makola anaumba timabeseni ta simenti tothiramo madzi a mankhwala, kuti wolowa aviike nsapato. Anakangana ndi m'busa wina wachinyamata amene anabwera kudzapempherera khola atavala nsapato zonyezimira n'kukana kuziviika. Amalume anamuuza kuti pemphero lilowe, koma nsapato zitsale, popeza tizilombo sitidziwa kuti uyu ndi m'busa. Mnyamatayo anapemphera ali chilili kunja kwa mpanda. Chifuwa sichinatheretu ku Shimabala, chimabwerabe m'chisanu, koma sichiyendanso khomo ndi khomo ngati kale.

Pa matenda awo otsiriza amalume anadwala masiku ochepa chabe. Pomaliza penipeni Bana Mwila anabwera ndi phala n'kuwauza kuti adye msanga, iwo alibe nthawi yolera makoswe. Amalume analibenso mphamvu yoyankha, koma anatukula chala n'kukanda m'khwapa ngati nyani. Mayiwo anatuluka panja mofulumira, ndipo sindinawatsatire.

Loweruka lapitali ndinapitako. Nyumba ndi yotseka, ana awo ali ku Lusaka ndipo sanagwirizane chochita nayo. M'khola mwamera bonongwe wofika m'chiuno, wonenepa ndi manyowa akale. Chingwe chija chili pamtanda wa chitseko pamene ndinachikoleka titachoka kumanda. Msomali wa jekete uli wokha, chifukwa Bana Mwila sanaibweze, ndipo palibe wa ife amene ali ndi chiwindi chokaitenga. Kabeseni ka simenti ka pachipata kanauma, mwadzaza masamba a mango. Pambali pake pali chitsa chimene amalume ankakhalapo pomanga zingwe za nsapato asanayambe ulendo, chosalala pamwamba ngati mpini wakale.

Ndili chikhalire pakhonde, Bana Mwila anatulukira ndi ndowa ya gaga pamutu. Sanandione. Anaima pachipata, anaponda m'kabeseni kouma kaja phazi limodzi kenaka linalo, n'kuyang'ana chitsa chija.

"Ulesi, Miti," anatero. "Zuba yakwela, iwe ukali gone."

Anadikira pang'ono, nthawi yokwanira kuti munthu ayankhe. Kenaka anakonza ndowa pamutu n'kupita kukadyetsa nkhumba zawo.